Yotamu ndi Mowa wa Amayi Ake

Yotamu anali msuweni wanga, mwana wa azakhali anga. Atakula anakwatira mchemwali wanga Esinala, nakhalanso mlamu wanga. Kwathu ku Mchinji asuweni amatukwanana poyera. Ukakumana naye pamsika umamutcha mbava, iye nkukutcha mfiti, anthu nkumaseka. Ngakhale pamaliro zimaloledwa. Ine ndi Yotamu tinakula chomwecho. Anali wamkulu kwa ine, koma ndinkamuti iwe, ndipo sindikumbuka kuti tili anyamata tinayankhulanapo mawu opanda nthabwala.

Ndiye amene ananditengera ku Lusaka. Ndinali nditamaliza Fomu 4 ndi kukhala pakhomo zaka zingapo, ndikulima fodya wosapindula. Inali nthawi ija makampani a boma ankagulitsidwa, kuno ndi ku Zambia komwe, ndipo ntchito za mu ofesi zinali za anthu odziwana ndi akuluakulu. Yotamu anabwera pa Khirisimasi atavala jekete lachikopa. Anauza bambo anga kuti panyumba imene ankaphika pakufunika munthu wosamala maluwa.

"Atsibweni, ndipatseni chitsiru chanuchi ndikachiphunzitse kuvala nsapato."

Bambo anaseka mpaka kutsokomola. "Tenga. Chikakakuvuta ukachigulitse."

Tinadutsa malire pa Mwami, tinakakwera basi ku Chipata. Pa Luangwa, pamene basi imaima kuti anthu agule nsomba zouma, Yotamu anasowa pang'ono nabwera akununkha. Sindinaganizepo kanthu. Amuna ambiri m'basimo ankanunkha chimodzimodzi.

Nyumbayo inali ku Kabulonga, mkati mwa mpanda wanjerwa wokhala ndi waya wamagetsi pamwamba. Mwini wake anali mayi wamasiye wamalonda, woitanitsa katundu ku Joni ndi ku Dubai. Tonse tinkangowatchula Madamu. Ife tinkagona m'kanyumba ka antchito kuseri, chipinda chimodzi, iye pabedi ine pamphasa. Ntchito yanga inali kuthirira kapinga, kudulira maluwa ndi kusesa masamba a jakaranda amene sankatha. Kukabwera alendo ndinkavala malaya oyera nkumathandiza kuperekera zakudya. Miyezi yoyamba sindinkatuluka kawirikawiri. Mapepala anga sanali olongosoka, ndipo pa Cairo Road ndikangotsegula pakamwa anthu ankadziwa kumene ndachokera. Yotamu ndi amene anandiphunzitsa kunena "nifuna" m'malo mwa "ndikufuna", ndi kuyenda ngati munthu wodziwa kumene akupita.

Anali khukhi weniweni. Izi ndimazinena chifukwa amene anamudziwa pambuyo pake sakhulupirira. Anaphunzira kwa azungu ku Lilongwe ali mnyamata. Ankaphika nkhuku yoti fupa linkachoka lokha, ndipo keke yake amayi a ku Woodlands ankachita kuitanitsa kudzera mwa Madamu. Alendo akadya ankapempha kuti khukhi atuluke amuone. Iye ankatuluka, nkuwerama, nkuponya kanthabwala, nyumba yonse nkuseka.

Pageti panali mlonda wamasana, Ba Mwape, Mbemba wathupi amene anachotsedwa ntchito kumigodi. Ku Zambia Abemba ndi anthu a kum'mawa amachitirana chipongwe ngati asuweni, amati chimbuya, ndipo ife a ku Malawi ankatiika m'gulu lomwelo.

"Muli shani, ba kudya mbeba?" ankatero m'mawa uliwonse, kutinena kuti timadya mbewa.

"Tadzuka, odya anyani," Yotamu ankayankha. "Mwatisungirako mchira?"

Panyumbapo panali chizolowezi chakuti phwando likatha, zotsala m'mabotolo ndi m'matambula ndi za khukhi. Maphwando anali ochuluka, poti malonda a Madamu ankapangidwira patebulo. Yotamu ankathira zonse m'jagi imodzi, vinyo, wisiki, burande, mowa wosatha wa alendo. Ankazitcha matipate, ati zipani zonse zili momwemo. Jagiyo inkakhala pansi pa sinki, kuseri kwa sopo.

Poyamba ndinkaseka nawo. Kenako ndinaona kuti jagi sidikira phwando. Sabata yopanda alendo ankaidzaza ndi tujilijili, timapaketi ta mowa waukali timene tinkagulitsidwa pa kaokala kalikonse. Timapaketi topanda kanthu ndinkatipeza m'dothi la maluwa, m'thumba la ufa, ngakhale m'nsapato zanga. Ndinaonanso kuti m'mawa asanamwe sankatha kuthira tiyi osataya. Akamwa kamodzi manja ankakhazikika, nkulemba dzina la mwana pakeke mowongoka ngati makina. Mowa sunkamusangalatsanso ngati kale. Unkangomufikitsa pamene anthu ena amayambira tsiku.

Tsiku lina masana, Madamu atapita m'tauni, ndinalowa m'khitchini ndi kutseka chitseko.

"Yotamu, ndikufuna tikambirane."

"Wapatsa mimba mwana wa ndani?"

"Sindikuseka. Mowawu wakukulira."

"Wandikulira ine? Akunena ndi munthu amene analedzera ndi thobwa paukwati wanga?"

"Dzulo unaiwala mpunga pamoto, ndinaphikanso ndine. Esinala akuti sopo wochokera kwa iwe sanamuone kuyambira Pasaka."

"Mchemwali wako amadya sopo? Ndinadziwa ine kuti banja lanu lonse ndi la mbuzi."

Ananditsina tsaya, nandiika chiwindi cha nkhuku chokazinga m'manja, nanditulutsa. Ndinapezeka ndili panja ndikutafuna. Zinkatha choncho nthawi zonse. Ndikakweza mawu, iye ankakweza nthabwala. Ndikakhala chete, ankati ndatupa ngati mkazi wachiwiri. Munthu wina aliyense akanatha kumukalipira nkumveka. Mawu anga ankafika kwa iye atasanduka kale sewero.

Lamlungu linali tsiku lathu lopuma. Tikatuluka m'tchalitchi tinkakwera minibasi kupita ku Kabwata, kumene a kwathu ankakumana kuseri kwa msika: makhukhi, alonda, matelala ndi anyamata onyamula matumba kumafakitale. Anali anthu abwino. Wina akadwala ankamuyendera, wina akachotsedwa ntchito ankamupezera pogona. Kumeneko nkumene tinkamva za kumudzi ndi kupatsira katundu kwa amene akupita. Ine ndinkatumiza mafuta ophikira ndi nsalu. Yotamu ankatumiza moni. Dzuwa likamapendeka ndinkamukweza minibasi ngati thumba la chimanga, kondakitala akunditukwana kuti ndilipire mipando iwiri. Wopita kumudzi aliyense ankadziwa choti akanene: onse ali bwino, akugwira ntchito. Amene wakanena zoposa apo sankapatsiridwanso katundu.

Ndinayesa kuuza mmodzi wa akuluakulu a pamenepo, telala wa ku Dedza, kuti ayankhule naye. Anandiyankha kuti mwamuna amene ali kutali ndi mkazi wake asamaletsedwe zonse, ndipo kuti Yotamu akalibe pamsonkhano sipakoma. Atatero anamuitanitsira botolo.

Azakhali anamwalira m'nyengo yozizira. Uthenga unabwera m'mawa pafoni ya Madamu. Anatipatsa masiku ndi ndalama ya basi, natiuza kuti tipite msanga. Yotamu analira m'khitchini ngati mwana. Kenako anasamba, navala suti, nati atsogole kukagula matikiti ine ndikumaliza kuthirira. Ndinafika kudepoti, iye kunalibe. Basi inanyamuka ndikuyang'ana. Ndinakamusaka ku Kabwata, ndipo ndinamupeza kwa mayi wina wogulitsa kachasu, atagona pabenchi, suti ili fumbi lokhalokha. Mayiyo anati anangopempha kamodzi koti alimbe mtima paulendo.

Ndinamusiya m'manja mwa Ba Mwape, ndinapita ndekha. Ndinafika anthu akuchokera kumanda. Madzulo ake ndinaitanira bambo kuseri kwa nkhokwe.

"Bambo, Yotamu sanabwere chifukwa cha mowa. Ndi chidakwa. Wamwera ndalama ya basi."

Bambo, amene anali ataika mlongo wawo tsiku lomwelo, anamwetulira koyamba. "Inu awiri simudzakula. Ngakhale lero?"

"Ndikunena zoona."

"Iyenso akabwera adzati chidakwa ndiwe. Waimba kale foni kwa aphunzitsi, akuti bwana wake wamukaniza chifukwa kwabwera alendo akunja. Ntchito za eni ndi choncho."

Ndinapita kwa Esinala. Ndi iye amene anadwazika azakhali mpaka imfa, ndipo anali wotopa, maso ali psu, amayi atamuzungulira. Nditanena mawu omwewo, amayiwo anaseka, wina nkundiponyera chitsononkho. "Choka apa, msuweni wansanje iwe!" Esinala sanaseke.

Nditabwerera ku Lusaka ndinapeza Yotamu ali m'chipatala. Ba Mwape anandiuza kuti atadzuka nkuzindikira kuti amayi ake aikidwa iye palibe, anayamba waimba foni yabodza ija, kenako anakhuthulira jagi yonse m'sinki. Tsiku lotsatira anayamba kunjenjemera thupi lonse, thukuta lili kamukamu, akuona nyerere pakhoma pamene panalibe nyerere. A kwathu a ku Kabwata anati ndi mzimu wa amayi ake wakwiya. Ba Mwape sanamvere zimenezo. Anamukweza takisi kupita naye kuchipatala, kumene anamugoneka ndi kumuuza kuti kusiya mwadzidzidzi chonchija, thupi litazolowera, kukanamupha.

Ndi pamene ndinadziwa kuti Ba Mwape nayenso anali munthu wa mowa. Mkazi wake anamuthawa ali kumigodi. Anali atasiya kalekale, komabe popita kwawo ankazungulira njira yaitali kuti asadutse pakhomo pa bala.

"Mvela, mwaice," anandiuza titakhala pageti, kunditchula mng'ono wake m'Chibemba. "Ine na Yotamu tingatukanane pa vonse, mbeba, anyani, vonse. Koma pa moba sinichita chimbuya. Uyu muntu adwala. Mutu wake unaphunzila njila imozi chabe. Akakondwela, moba. Akalila, moba. Akalema, moba. Manje afunika kuphunzila njila ina, ndipo ichedwa maningi."

"Ndiye akachira adzatha kumwa pang'ono ngati anthu ena?"

"Awe. Kuli ise kulibe pang'ono. Botolo ya namba teni siivuta. Ivuta ni yoyamba."

Atatuluka m'chipatala tinagawana ntchito. Phwando likatha matambula ndinkachotsa ndine, zotsala nkukathira kudzala ndisanalowe m'khitchini. Madamu anavomera kusunga okha makiyi a kabati ya mowa. Anati uwu ndi mwayi womaliza ndipo sadzabwereza. Lamlungu sitinkapitanso ku Kabwata. Ba Mwape ankamutenga kupita ku Chelstone, kumene anthu osiya mowa ankakumana m'kalasi ya patchalitchi china. Ine ndinkawaperekeza nkumadikira panja. Nthawi yovuta kwambiri inali chakudya chamasana chikatha, pamene kale ankayamba kukoka jagi ija. Ankatuluka kudzakhala pageti ndi kapu ya tiyi wa shuga wambiri, mwendo ukugwedezeka. Nthawi zina ankangoti, "Chabwera," kunena chilakolako chija.

"Chizapita," Ba Mwape ankayankha. "Nkala pansi."

Ndipo chinkapitadi. Mawa lake nkubweranso.

Sindinganame kuti inali nthawi yokoma. Yotamu wosamwa anali munthu wovuta kukhala naye chipinda chimodzi. Ankakwiya ndi supuni yoikidwa molakwika. Ankadzuka kunja kusanache nkumatsuka mapoto otsuka kale. Nthabwala zinatha. Alendo akamuitana ankatuluka, nkuwerama, nkubwerera. Tsiku lina tikudya anandiuza, osandiyang'ana, kuti chimene chimamuopsa si mowa ayi, koma kuti popanda mowawo sadziwa choyankhula ndi anthu. Aka kanali koyamba kundiuza mawu opanda chipongwe. Ndinamuwonjezera ndiwo.

Koma ankalimba. Paphwando lina mlendo wina wa mimba yaikulu anamutsatira mpaka m'khitchini atanyamula tambula ya wisiki, ati athokoze khukhi. Ine ndinali pakhomo ndi mbale m'manja. Yotamu anapukuta manja nati, "Zikomo bwana, ine sindimwa." Mlendoyo anakakamiza. Yotamu anabwereza mawu omwewo, osawonjezera. Mlendoyo atatuluka, Yotamu anagwira sinki ndi manja awiri kwa kanthawi, kenako anapitiriza kudula anyezi. Tsiku limenelo ndinaganiza kuti tapambana.

Mvula inagwa, inatha, tinalowanso m'nyengo yozizira. Thupi lake linabwerera. Anayamba kutumiza feteleza, mayunifolomu a ana, kenako simenti yomangira chiliza cha amayi ake. A ku Kabwata ankamunena kuti wasanduka m'busa.

Simenti itafika, bambo anatumiza mawu kuti chiliza chamangidwa, ndipo anthu akakolola kudzakhala bona, mowa wokumbukira womwalira ndi kutsekera maliro. Anati Yotamu, poti sanaponye dothi m'manda a amayi ake, ulendo uno asalephere.

Ba Mwape atamva anapukusa mutu. "Musayende. Kumunzi ndiye kovuta kupambana mu bala."

"Ndi amayi ake, Ba Mwape," ndinatero. "Sangakane kawiri."

"So mukafika chabe, akambe yeka. Osati iwe, mwaice. Iwe bazaseka. Akambe na kamwa yake kuli ba malume bake, bantu bakalibe kubwela. Akambe ati ine nidwala, moba ni poizoni kuli ine. Wamvela, Yotamu?"

"Ndamva," Yotamu anatero.

M'basi anandiuza mawu amene anakonza. Anali ochepa ndi omveka. Pa Luangwa sanatsike. Ndinamugulira nthochi, anadya ali pampando.

Kumudzi tinapeza zambiri zitasintha. Ana a Yotamu anamupatsa moni atagwada patali ngati mlendo. Wamkulu mawu anali atayamba kukula. Kuseri kwa nyumba ya Esinala kunali migolo yakuda ndi mwaye, ndipo pansi pa mango panali mabenchi. Zaka zimene Yotamu ankatumiza moni, mchemwali wanga anaphunzira kufulula masese ndi kutcheza kachasu, ndipo tsopano mudzi wonse unkamwera pakhomo pake. Mowa wa bona anafulula ndi iyeyo. Fungo lake linatilandira tisanatule zikwama. Ndinaona Yotamu akumeza malovu.

Ndinamupeza Esinala yekha akusefa.

"Achemwali, amuna anuwa anasiya mowa. Akalawa, zonse zatha."

"Anasiya liti? Si inu munkati ndi chidakwa?"

"Anali. Ndiye chifukwa chake."

Anaika sefa pansi. "Achimwene, ine sindikudziwa kuti ndimve ziti. Obwera onse amati ali bwino. Inu mumati chidakwa, anthu nkumaseka. Eni ake sanandiuzepo kanthu. Chimene ndikudziwa nchakuti migolo iyi ndi imene yaphunzitsa ana. Ngati ali ndi mawu, pakamwa ali napo."

Tsiku limenelo Yotamu sanakaulule za mowazo, anati bambo ali ndi alendo. Tsiku lotsatira anati adikire abwere kolambula kumanda. Nditamukumbutsanso anandikalipira.

"Ndinena. Ukundilondola ngati ntchentche bwanji?"

Ndinamuona akuyenda kulunjika pamene bambo anakhala, nkukhotera kukhola la mbuzi. Ndinkadziwa chomwe chinkamumanga miyendo. Kunena za mowa kunali kuvomeranso kuti Madamu sanamukanize kubwera kumaliro, kuti amayi ake anaikidwa iye atagona pabenchi ku Kabwata. Kwa mlendo wa m'khitchini uja sankayenera kufotokoza kanthu. Kwa atsibweni ake mawu amodzi akanakoka anzake.

Tsiku la bona m'mawa akatekisiti anapemphera kumanda, tinavundukula chiliza. Yotamu anagwada pamenepo nthawi yaitali, anthu nkumunena kuti ndi mwana wachikondi. Titabwerera tinakhala pabwalo, amuna uku amayi uko, mowa nkutulutsidwa. Bambo, monga mwini mbumba, anatunga chipanda choyamba. Anathira pang'ono pansi natchula dzina la mlongo wawo. Kenako anaitana Yotamu.

"Mwana wa mlongo wanga, suja sunaponye dothi. Palibe akukuimba mlandu, ntchito za eni timazidziwa. Koma mowa uwu ndi wa amayi ako. Uyambe ndiwe, adziwe kuti wafika."

Yotamu anaimirira, napita, nagwada. Manja sanatambasule.

"Atsibweni, ine m'mimba simuli bwino masiku ano."

"Ungolawa. Amayi ako sangakupweteke m'mimba."

Ndinaimirira. Ndinkakumbuka zimene Ba Mwape ananena, koma panalibe wina woti anene.

"Bambo, musamupatse. Munthuyu ndi chidakwa. Mowa unamugonekapo m'chipatala. Akalawa lero sasiya."

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Amayi analuluta. Mkulu wina anatsala pang'ono kugwa pampando.

"Ayamba asuweni!"

"Akufuna amwe yekha ameneyo!"

"Yotamu, mubwezere!"

"Sindikuseka!" ndinakuwa. Kusekako kunakula. Ndinalumbira pa manda a azakhali, ndipo wina anati ulendo uno ndabwera ndi luso la ku Zambia.

Bambo anapukuta misozi ndi dzanja limodzi, lina litagwira chipanda. "Wamva, Yotamu? Akuti ndiwe chidakwa. Nzoona zimenezi?"

Nkhani inali pa iye. Akanangoti inde, zikanakwana. Anandiyang'ana, ndipo pankhope pake sindinaone mkwiyo. Ndinaona munthu wotopa amene wasonyezedwa njira yachidule. Anthu ankadikira, mano ali kale panja. Panali patapita nthawi yaitali asanaseketse munthu aliyense.

"Atsibweni," anatero mokweza, "chitsiru chanuchi ku Lusaka chimanyambita matambula a alendo. Agalu a bwana anachita kudandaula kuti chikuwalanda ntchito."

Anthu anagubuduka. Yotamu analandira chipanda ndi manja awiri. Sanalawe ayi, anamwa mpaka kuona pansi pake. Amayi analulutanso.

Tsiku limenelo anali Yotamu wakale. Anavina, anayerekeza mayendedwe a Madamu, anayankhula Chibemba chabodza, anaseketsa anthu mpaka dzuwa kulowa. Ambiri anandiuza kuti bona lokoma chotero sanalionepo. Wina anandibweretsera chipanda nati ndileke kunamizira kukwiya, sewero latha. Pabwalo ponse amene sitinkaseka tinali awiri, ine ndi Esinala, amene ankatunga mowa maso ali pa mwamuna wake.

Masese atatha anasamukira ku kachasu. Esinala anabisa mabotolo, iye anakagula mudzi wina atasinthitsa suti. Tsiku loti tibwerere linafika, sanadzuke. Ndinaimbira Madamu kupempha masiku ena. Anandipatsa, koma anati za khukhi ndisawauzenso. Ndinapempha Ba Mwape kuti ayankhule naye pafoni, Yotamu anakana kuigwira. Ndinayesa kumukweza ngolo kupita naye kumsewu, anadumpha panjira. M'mawa wina, manja akunjenjemera, anandiuza kuti amwe lero lokha kuti thupi likhazikike, mawa tinyamuka. Mawa lake ananena zomwezo. Kenako ana ake anamupeza m'ngalande pafupi ndi sukulu, atadzikodzera, anzawo akuona. Pamenepo palibe amene anaseka.

Ku Lusaka Yotamu sanapondekonso. Ine ndinagwirako ntchito zaka zina zambiri, panyumba pomwepo, kenako ku Northmead, mpaka msana unandibweza. Madamu anapeza khukhi wina wa ku Petauke. Ba Mwape sanandifunse zambiri. Atandiona ndikulowa pageti ndekha anangovula chipewa nkuchivalanso.

Koma tsiku limene limandibwerera ndi limene ndinanyamuka kumudzi ulendo umenewo. Bambo anandiperekeza kumsewu atandinyamulira chikwama, zimene anali asanachitepo. Tinadutsa pakhomo pa Esinala. Yotamu anali atakhala pabenchi pansi pa mango, mutu uli m'mawondo, ndipo sanadzutse nkhope. Tinayenda mpaka pasiteji. Minibasi ya kumalire itaonekera patali, bambo anatula chikwama pansi.

"Koma iwe," anatero, mawu ali pansipansi, "unkagona naye nyumba imodzi zaka zonsezi. Zinthu mpaka kufika pamenepa, bwanji sunatiuze?"

Ndinawayang'ana kuti ndione ngati akuseka. Sankaseka.

Ndinatola chikwama ndi kukwera.